Kasankhidwe ka botolo loyamba la absinthe: zoti muone musanatulutse ndalama

Absinthe, chakumwa chaukali chotchezedwa ndi zomera zonunkhira, si mowa woti mungaupeze pa shelefu iliyonse mu Lusaka. Akapezeka, amakhala botolo limodzi kapena awiri pakona ya mowa wochokera kunja, mtengo wake uli pamwamba, ndipo wogulitsa nayenso sanaulawepo. Apa ndiye pomwe oyamba kumene amatayira ndalama. Maso amathamangira botolo lobiriwira kwambiri, lolembedwa 80%, poganiza kuti ukali ndiwo ubwino. Pofika kunyumba apeza kuti agula sipiriti wothira utoto, wonunkha ngati mankhwala otsukira m'kamwa, ndipo kuyambira tsiku limenelo amauza aliyense kuti absinthe ndi woipa.

Absinthe wabwino amadziwika ndi zinthu zitatu. Anachita kutchezedwa, mtundu wake unachokera ku masamba osati ku utoto, ndipo mukamuthira madzi ozizira amayera mbee ngati mwadonthezeramo mkaka. Ziwiri zoyambazo mungazidziwe muli m'sitolo momwemo. Chachitatu chimaoneka m'tambula.

Yambani mwayesa lilime lanu

Kakomedwe kamene kamatsogola mu absinthe ndi ka anise, kofanana ndi ka masiwiti akuda a liquorice, kapena ka sambuca ndi ouzo. Anthu ena amakakonda, ena sakafuna n'komwe, ndipo mtengo wa botolo sungasinthe zimenezi. Choncho musanagule, pitani m'sitolo ya zokometsera ndiwo, monga za amwenye ku Kamwala, mugule kapaketi ka njere za fennel, mutafune pang'ono. Ngati fungo lake lakunyansani, ndalama zanu sungani. Ngati mwalikonda, pitirizani kuwerenga.

Zimene zili m'botolo, ndi chifukwa chake kutcheza kuli kofunika

Msana wa absinthe ndi zomera zitatu: chitsamba chowawa chotchedwa Artemisia absinthium, njere za anise wobiriwira, ndi njere za fennel. Opanga amanyika zouma zimenezi mu sipiriti wamphamvu kwa maola angapo, kenako amathira madzi n'kutcheza m'mphika wa kopa. Aliyense amene anaonapo kachasu akutchezedwa akudziwa kale mfundo yake: nthunzi imakwera, imazizira mumpope, n'kudontha ngati madzi oyera. Wotcheza waluso amapatula zoyamba kudontha ndi zomalizira, n'kusunga zapakati zokha.

Chinsinsi chagona apa. Kuwawa koopsa kwa chitsamba chija kumachokera ku chinthu chotchedwa absinthin, ndipo chimenechi sichikwera ndi nthunzi, chimatsala m'mphika. Chimene chimawoloka ndi fungo lokoma lokha, lonunkhira ngati maluwa a m'mapiri. N'chifukwa chake absinthe wotchezedwa bwino amangowawa pang'ono chabe kumapeto kwa lilime. Mukalawa absinthe wowawa ngati kwinini, dziwani kuti chitsambacho chinangonyikidwa, sichinatchezedwe.

Njira yachidule, imene mafakitale otchipa amagwiritsa ntchito, ndi yosakaniza osaphika: amatenga sipiriti wopanda fungo, kuthiramo mafuta onunkhira ogula, kuwonjezera utoto, basi botolo latha. Zotsatira zake ndi chakumwa chosagwirizana. Ukali wa sipiriti uli pawokha, fungo lili palokha, ndipo m'kamwa mumatsala ngati mwatafuna chingamu. Mayiko ambiri alibe lamulo lofotokoza chimene chiyenera kutchedwa absinthe, ndiye aliyense angathe kulemba dzinali pa botolo. Switzerland ndi yosiyana: kumeneko lamulo limafuna kuti absinthe akhale wotchezedwa ndipo asathiridwe utoto wa m'fakitale. Ku France, dzina loti Absinthe de Pontarlier linatetezedwa ndi European Union mu 2019, ndipo olilemba amatsata malamulo a kapangidwe. Botolo lochokera ku Val-de-Travers ku Switzerland kapena ku Pontarlier ku France ndi poyambira pabwino, pakuti kumeneko ndiye kwawo kwa chakumwachi. Chinayambira m'mudzi wa Couvet ku Val-de-Travers kumapeto kwa zaka za m'ma 1700, ndipo Henri-Louis Pernod anatsegula fakitale yake ku Pontarlier mu 1805.

Woyera kapena wobiriwira

Mitundu yovomerezeka ilipo iwiri. Woyera, wolembedwa blanche kapena la bleue, amathiridwa m'botolo atangotchezedwa n'kuchepetsedwa mphamvu ndi madzi, ndipo amaoneka ngati madzi akumwa. Dzina loti la bleue linatchuka nthawi imene absinthe anali woletsedwa ku Switzerland, pomwe anthu a ku Val-de-Travers ankatcheza mobisa ndipo mowa wopanda mtundu unali wosavuta kubisa. Wobiriwira, wolembedwa verte, amadutsa gawo lina: akatchezedwa amanyikamo masamba ena, makamaka Artemisia pontica, hyssop ndi melissa, ndipo masambawo amasiya mtundu ndi fungo lawo.

Kubiriwira kwachilengedwe sikuwala. Kumakhala ngati mafuta a olivi kapena tsamba lanthete, nthawi zina kopendekera ku chikasu. Popeza kumachokera ku masamba, kumasuluka ndi dzuwa ndiponso ndi zaka, mpaka kufanana ndi tsamba louma, ndipo a ku France amakutcha feuille morte. Kusuluka kotere si vuto, ndi umboni woti mulibe utoto. Ndiye chifukwa chake opanga osamala amaika verte m'botolo lakuda kapena lobiriwira moderako. Mukaona absinthe wowala ngati kirimu soda ali m'botolo loonekera mkati, wakhala pansi pa magetsi a m'sitolo miyezi yambiri osasintha, umenewo ndi utoto. Wofiira kwambiri, wakuda bii kapena wa buluu, msiyeni pomwepo.

Kwa woyamba, ife tingasankhe woyera. Kawirikawiri mphamvu yake imakhala pakati pa 50% ndi 55%, kakomedwe kake n'kofatsa, ndipo savuta kusunga m'nyengo yathu yotentha chifukwa alibe mtundu woti usuluke. Wobiriwira ali ndi zambiri zoti lilime lifufuze, koma amakoma bwino mutadziwa kale mmene zomera zitatu zija zimamvekera pazokha.

Kuwerenga chikalata cha pabotolo

Tembenuzani botolo, muwerenge kumbuyo ndi kutsogolo komwe. Mukufuna mawu oti distilled, distillée kapena distillation. Wopanga amene anatcheza amanyadira ntchito yake ndipo amalemba poonekera. Botolo likangokhala chete pa nkhaniyi, kayikirani.

Kenako fufuzani utoto. Manambala E102 ndi E133 ndi utoto wachikasu ndi wa buluu umene amasakaniza kuti apeze kubiriwira. Pa mabotolo opita ku America amalemba FD&C Yellow 5 ndi Blue 1. Mawu oti colouring kapena colorant akunena zomwezo. Mawu oti liqueur akutanthauza kuti muli kale shuga wambiri, pamene absinthe weniweni amagulitsidwa wopanda shuga kuti wakumwa aike yekha mmene akufunira.

Mphamvu yake iyenera kukhala pakati pa 45% ndi 74%. Ukali umenewu uli ndi ntchito: umasunga mafuta a zomera osungunuka ndiponso umateteza mtundu wobiriwira, ndiye verte wambiri amakhala pa 60% mpaka 72%. Koma 80% kapena 89% siwonjezera kukoma kulikonse, ndi nyambo yokokera anyamata ofuna kudzionetsera.

Dzina likalembedwa absinth, lopanda e kumapeto, chenjerani. Mabotolo ambiri otere ndi a mtundu umene unatchuka ku Czech Republic m'zaka za m'ma 1990, wokhala ndi anise wochepa kapena wopanda n'komwe, ndipo sayera akathiridwa madzi. Kalembedwe kameneka si chigamulo chomaliza, chifukwa m'Chijeremani amalembanso choncho ndipo alipo ena abwino, koma kakuuzeni kuti muwerenge zotsalazo mosamala kawiri.

Pali msampha wina wa mayina. Botolo lolembedwa Pernod chabe, la 40%, ndi chakumwa cha anise, si absinthe. Ricard ndi pastis, chakumwa chinanso cha anise, ndipo anayamba kugulitsidwa mu 1932 kudzaza malo a absinthe woletsedwa. Zonsezi zimayera m'madzi, ndipo n'zabwino pa mtundu wake, koma mulibe chitsamba chowawa chija. Absinthe wa kampani ya Pernod amalembedwa Pernod Absinthe ndipo ndi wa 68%.

Mayina ena odalirika ndi awa. Pa woyera pali La Clandestine wa ku Couvet ndi Kübler wa ku Môtiers, onse a 53%. Pa wobiriwira pali Vieux Pontarlier wa 65%, François Guy wa 45% amene ndi wofatsa kwambiri, Lucid wa 62%, St. George wa ku California wa 60%, ndi mabotolo a Jade amene Ted Breaux amatcheza ku fakitale ya Combier mumzinda wa Saumur. Simufunika kuloweza mayinawa, koma mukatuma munthu ndi bwino kumulembera awiri kapena atatu kuti asasankhe ndi maso.

Nkhani ya thujone

Mabotolo ena amalemba ndi zilembo zazikulu kuchuluka kwa thujone, ngati kuti ndiye chuma chake, ena amajambulapo tsamba la chamba kapena kulonjeza masomphenya. Limeneli ndi bodza la malonda. Thujone ndi chinthu chopezeka m'chitsamba chowawa chija, ndipo chikachuluka kwambiri chimagwetsa munthu ngati wakhunyu, koma sichionetsa masomphenya. Mu absinthe chimakhala chochepa moti mowa weniweniwo ungakuvulazeni kalekale thujone asanachite kanthu. European Union imalola mpaka mamiligalamu 35 pa kilogalamu, ndipo America, imene inalolanso absinthe mu 2007, imafuna osapitirira magawo 10 pa miliyoni.

Mbiri yoipayi inachokera kutali. Mu 1905 mlimi wina wa ku Switzerland, Jean Lanfray, anapha mkazi wake ndi ana ake atamwa matambula awiri a absinthe, koma tsiku lomwelo anali atamwanso vinyo wambiri ndi burande. Mlandu wonse unagwera absinthe. Switzerland inavota zomuletsa mu 1908, America inaletsa mu 1912, France mu 1915. Opanga vinyo, amene malonda awo anali atalowa pansi, anakondwera nazo. Mu 2008 akatswiri otsogozedwa ndi Dirk Lachenmeier anayeza mabotolo 13 akale a nthawi chiletso chisanabwere, ndipo anapeza kuti thujone anali pafupifupi mamiligalamu 25 pa lita, wosasiyana kwenikweni ndi wa lero. Switzerland inachotsa chiletso mu 2005, ndipo France inafafaniza lamulo lake lakale mu 2011. Wogulitsa amene akudalira thujone pokopa makasitomala alibe china chabwino choti anene za mowa wake.

Kogula kuno kwathu

Gulani m'sitolo yokhala ndi laisensi ya mowa, monga za m'mamolo a Manda Hill, East Park, Arcades kapena Levy, kapena kwa ogulitsa vinyo ndi mowa wakunja odziwika. Mowa wodula umakopa achinyengo, ndiye onani chitsekero: kamkombero ka pansi pake kakhale kosaduka, pulasitiki kapena phula la pakhosi likhale losang'ambika, zilembo zikhale zosafufutika, ndipo nambala ya gulu lomwe botololo linapangidwira ioneke. Botolo limene lakhala pawindo dzuwa likuliwomba lisiyeni, ngakhale dzina lake likhale labwino. Pa mtengo, yerekezani ndi wisiki wakunja wapakatikati. Absinthe wotchezedwa amadya zomera zambiri ndi nthawi, ndiye akakhala wotchipa kuposa wisiki wotero pali chimene chadumphidwa.

Ngati m'tauni mwasowa ndipo mukutuma wachibale wochokera ku Johannesburg, London kapena Paris, muuzeni mfundo iyi: malamulo a ndege salola mowa wopitirira 70% m'katundu wa wapaulendo. Botolo la 72% lingalandidwe pabwalo la ndege, pamene la 53% kapena 68% limadutsa. Pofika pa Kenneth Kaunda International Airport pali malire a mowa wolowa wopanda msonkho, ndiye afunse a ZRA, bungwe lotolera msonkho, asananyamule ambiri. Kabotolo ka 200 ml kakapezeka, tengani kameneko poyamba. Muli matambula asanu ndi limodzi, okwanira kudziwa ngati mukufuna lalikulu.

Mawu amodzi kwa oganiza zopanga okha. Kunyika masamba owawa mu kachasu kapena mu vodika sikupanga absinthe, kumangopanga chinthu chosamweka. Artemisia afra amene amamera kum'mwera kwa Africa kuno, ndi Artemisia annua amene kumachokera mankhwala a malungo, ndi abale ake chabe, si chitsamba chomwecho. Choopsa koposa ndi mafuta a chitsamba chowawa ogulitsidwa pa intaneti. Mu 1997 madokotala ku America analemba za munthu amene anamwa pafupifupi 10 ml ya mafutawa, anakomoka n'kumaphupha, ndipo impso zake zinaleka kugwira ntchito kwa kanthawi. Mafuta amenewo si chakumwa.

Kuyesa ndi madzi

Absinthe samwedwa wosasungunula. Amene amamumeza m'kagalasi kakang'ono ngati tekila amangopsa kummero, fungo lonse osalimva. Konzani tambula yoonekera mkati ya 200 ml kapena kuposa, choyezera cha 30 ml, ndi jagi ya madzi ozizira kwambiri yokhala ndi ayisi. Madzi akhale a m'botolo kapena osefa. A pampopi amanunkha kolorini, ndipo a m'mijigo yambiri ya mu Lusaka ali ndi laimu wochuluka, yemwe uja amayeretsa mkati mwa ketulo, ndiye amaphimba fungo.

Thirani 30 ml ya absinthe m'tambula, mununkhize muli chapatali pang'ono. Kenako yambani kudontheza madzi, dontho limodzilimodzi kapena kamtsinje kowonda ngati ulusi. M'mabala a ku France amagwiritsa ntchito chotengera chagalasi chokhala ndi timipopi, koma kunyumba botolo lapulasitiki la madzi ozizira loboola chitsekero ndi singano limagwira ntchito yomweyo. Kuthira konse kutenge mphindi ziwiri kapena zitatu.

Yang'anitsitsani. Poyamba muona timizere tonga mafuta tikuyendayenda. Kenako kamtambo kayamba pansi pa tambula n'kumakwera, kusiya kamzere koyera ngati galasi pamwamba, mpaka nako kamezedwa. Kusintha kumeneku kumatchedwa louche. Chimachititsa ndi mafuta a anise ndi fennel otchedwa anethole, amene amasungunuka mu mowa wamphamvu koma osati m'madzi. Mphamvu ya mowa ikatsika, mafutawo amatuluka ngati timadontho tosaoneka ndi maso, ndipo fungo limadzaza chipinda. Absinthe wabwino amayera koma kuwala kumadutsabe pang'ono mukamuimika pawindo.

Muyeso wa madzi ndi magawo atatu mpaka asanu pa gawo limodzi la absinthe. Cholinga n'chakuti mufike pa mphamvu ya vinyo, 11% mpaka 14%. Wa 68% mukamuthira magawo anayi, kutanthauza 120 ml, amatsikira pa 13.6%. Wa 53% amafuna magawo atatu, 90 ml, ndipo amafika pa 13%. Wa 45% asapitirire magawo atatu. Yambani ndi ochepa, lawani, onjezerani. Mukapitiriza muyeso palibe pobwerera.

Shuga ndi wosakakamiza. Mwambo wake ndi kuika kachibulumwa ka shuga pa supuni yoboolaboola pamwamba pa tambula, madzi n'kumadutsa pamenepo. Foloko imalowa m'malo mwa supuniyo, ndipo ngati muli ndi shuga wamba woyera, theka la kasupuni ka tiyi n'lokwanira, mutakase pomaliza. Tambula yoyamba imweni yopanda shuga kuti mumve chimene mwagula. Woyera wambiri amatsekemera kale chifukwa cha anise.

Kuyatsa moto pa shuga si mwambo wakale, kunayamba m'zaka za m'ma 1990 pofuna kugulitsa mabotolo aja osayera m'madzi. Kumawononga fungo, kumasiya kakomedwe ka shuga wopserera, ndipo n'koopsa: mowa wa 68% umayaka ndi lawi losaoneka bwino, ndipo tambula ikagubuduka moto umathamanga patebulo.

Zikapanda kuyenda bwino

Ngati sakuyera ngakhale pang'ono, mulibe anise wokwanira, ndipo mwagula wa mtundu wa absinth uja. Ngati akuyera mofooka, yang'anani madzi poyamba: ofunda kapena othiridwa mwakamodzi amapereka mtambo wopyapyala ndi fungo losatseguka. Malaiti akapita ayisi n'kusungunuka, ndi bwino kudikira tsiku lina kusiyana ndi kuweruza botolo ndi madzi ofunda. Ngati wayera msangamsanga n'kukhala ngati choko, ndipo lilime lachita dzanzi kwa nthawi yaitali, wopanga anachulutsa star anise, chomera china chonunkhira ngati anise, amene ndi wotchipa ndipo amaphimba zomera zina zonse. Dzanzi pang'ono n'lachibadwa, koma lisalepheretse kumva fennel ndi chitsamba chowawa. Ngati akumveka ngati kabichi wophika kapena chinthu chopserera, wotcheza analola zomalizira kudontha kulowa m'botolo. Ngati akutentha pakhosi, mwina madzi achepa, onjezerani gawo limodzi.

Musaponye ayisi mu absinthe wosasungunula. Kuzizira kwadzidzidzi kumaumitsa anethole, amene amalimba kutentha kukatsika pansi pa madigiri 20 kapena 21 akakhala payekha, ndipo muona tizidutswa toyera tikuyandama.

Kuwerengera matambula

Akasungunulidwa amatsika mosavuta, ndipo apa m'pamene anthu amanyengeka. Mu 30 ml ya absinthe wa 68% muli mowa weniweni wopitirira 20 ml, pamene botolo la laga la 375 ml la 4% lili ndi 15 ml. Tambula imodzi yaposa kale botolo limodzi la laga, ndipo madzi amene mwathirawo sachepetsa mowa wolowa m'thupi. Matambula awiri pa madzulo amodzi, mutadya kale, ndi okwanira. Galimoto isiyeni. Amayi oyembekezera, odwala khunyu kapena chiwindi, ndi amene ali pa mankhwala osagwirizana ndi mowa asamwe n'komwe, ndipo lamulo la Zambia silola kugulitsa mowa kwa munthu wosakwana zaka 18.

Botolo lisungeni choimirira m'kabati yamdima, kutali ndi chitofu ndi khoma lowombedwa ndi dzuwa, makamaka mu Okutobala. Mufiliji musaikemo, chifukwa cha anethole yemwe uja. Tinyenyeswa tochepa pansi pa botolo la wobiriwira ndi ta masamba, si kuwonongeka. Botolo longotsegulidwa kumene nthawi zina limamveka laukali, ndipo limafatsa pakapita masiku angapo mpweya utalowamo, ndiye lawaninso pakatha sabata musanagamule. La 700 ml lili ndi matambula 23, ndipo kwa munthu mmodzi limakhala miyezi. Likafika pa theka, tsanulirani otsalawo m'kabotolo kagalasi kakang'ono kotseka bwino kuti mpweya wa pamwamba uchepe.